Ndinkapha Mng'ono Wanga pa Mathithi a Contra

Ambiri amene tinakula tikusewera Contra timanyadira kuti tinaimaliza. Wanga umboni ndi wina: gemu imeneyi ndinaidziwa bwino mpaka kusowa wosewera naye.

Contra ndi ya kampani ya Konami ya ku Japan. Inatuluka mu 1987, ndipo mu 1988 inafika pa makina a Nintendo otchedwa NES. Ife inatipeza mochedwa, pa kamakina kotsanzira ka ku China, ka makaseti achikasu aja olonjeza magemu zikwizikwi pomwe enieni ndi owerengeka. Mu Super Mario Bros. mumalandizana, wina akafa mnzake n'kulowa. Mu Contra mumamenya nkhondo nthawi imodzi, Bill wa buluku lobiriwira ngati thambo, Lance wa lofiira. Chipolopolo chimodzi chikangokukhudza, wapita. Miyoyo ndi itatu, pokhapokha udziwe chinsinsi chimene Kazuhisa Hashimoto anayambitsa mu gemu ya Gradius: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A. Ukatero uli ndi miyoyo 30.

Katswiri ndinali ine, mng'ono wanga ali wophunzira. Ikagwa mfuti ya chilembo S, yomwaza zipolopolo zisanu, ndinkaithamangira ngakhale ndili nayo kale. Iye ankangoti, "Achimwene, imeneyonso ndi yanu?"

Nkhanza zanga zenizeni zinkaonekera pa gawo lachitatu, pa mathithi. Pamenepo simulowera kumanja, mumakwera miyala. Chithunzi chimatsatira amene ali pamwamba, ndiye mwala umene mnzako waimapo ukamira kunsi kwa TV, amafa popanda mdani womukhudza. Ndinkamuona Lance wa mng'ono wanga ataima m'mphepete mwa mwala, chala cha mwanayo chikunjenjemera pabatani, akuyeza podumphira.

"Dikirani kaye, achimwene!"

"Fulumira iwe!"

Ndinkadumpha, mwala n'kumira, buluku lofiira n'kupita nawo.

Chimene chinandivuta kumvetsa n'chakuti opanga gemu anatchera msampha munthu wa mtima ngati wanga. Amene miyoyo yamuthera akhoza kudina batani n'kutenga moyo wa mnzake. Choncho imfa zimene ndinkamupatsa zinkabwera kudzalipiridwa m'thumba langa. Pofika gawo lachisanu, la chipale chofewa, tonse tinkakhala titatheratu. Ine m'malo moona gwero lake, ndinkamunena kuti ndi wakuba, nthawi zina n'kumugogoda ndi nkhonya pamutu.

Sanakangane nane. Tsiku lina anangoika choseweretsera chake pansi, n'kutuluka kukamenya mpira wachikulunga. Ndinkati mawa abwera. Sanabwere. Ndinayesa kumunyengerera ndi mfuti ya S, ndinalonjeza kudikira, koma anangoti, "Sewerani nokha, inu mumatha."

Ndinamalizadi magawo onse 8 ndekha, gulu la adani la Red Falcon ndinaligonjetsa. Nditamuitana kuti adzaone, anasuzumira pakhomo n'kubwerera kumpira. Kunena zoona, zinandipweteka kuposa kuluza.

Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pa mathithi paja ndinaphunzira kuti kuyambira limodzi kokha sikukwanira. Wodziwa ndi amene ayenera kuima, chifukwa wosadziwa alibe mphamvu yoimitsa chithunzi. Ndinaphunziranso kuti munthu wofatsa akatopa nawe sachita phokoso, ndipo kupepesa kochedwa sikumubweza.

Masiku ano ndimasewera Contra ndi mwana wanga wamkazi. Mfuti ya S ndi yake, palibe kukambirana. Pa mathithi ndimaima pamwala mpaka atafika, ngakhale adani akundithira zipolopolo, ndipo ndimafa kwambiri kuposa kale. Gawo lachisanu sitinalidutsebe. Koma Loweruka lililonse ndi iye amene amalumikiza mawaya, n'kubwera kudzandikoka dzanja kuti, "Ababa, tiyeni, lero tidutsa."