Miyala ya Akatumbu ku Chembe

Ana ambiri a m'madrasa a ku Lilongwe, kuyambira ku Old Town mpaka ku Area 47, amaidziwa nyanja kudzera mu usipa wa pamsika basi. Inu a kunyanja muli ndi chuma chimene ife timachiyendera ulendo wa tsiku lathunthu: kudutsa ku Dedza, kutsika Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, kenaka Monkey Bay ndi mudzi wa Chembe ku Cape Maclear.

Kumadzulo kwa mudziwu kuli miyala ikuluikulu yotchedwa Otter Point, kutanthauza malo a akatumbu. Abale athu ogwira ntchito ku Hout Bay, ku Cape Town, amasimba za chilumba cha miyala cha Duiker kumene nyama za m'nyanja ya mchere zotchedwa seal zimaunjikana kuwothera dzuwa. Kuno kwathu nyama zimenezo kulibe; Allah adatipatsa katumbu.

Katumbu ndi wamanyazi. Ofuna kumuona alawirire, ikangotha swala ya Fajr, nakhale chete pamwala. Kunyanja ya Malaŵi aliko a mitundu iwiri: wamawanga pakhosi amene amasaka nsomba, ndi wina wamkulupo wokonda nkhanu. M'munsi mwa miyalayo mumasewera mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene tidatchukitsa malowa. Boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Lamulo limaletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa pakiyi.

Komatu abale, lamulo palokha silingatchinjirize miyala. Tikamakokera masikito m'madzi osaya, timapha ana a nsomba, ndipo katumbu amasowa chakudya. Njala ikamuvuta amang'amba maukonde, msodzi amakwiya namupha, kapena iye mwini amakodwa n'kufera momwemo. Pamenepo wayamba ndewu ndani?

Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-An'am ndime 38, imatiphunzitsa kuti zinyama nazo ndi mitundu monga ife. Nyanja ndi amana imene tidzafunsidwa nayo pa Tsiku la Chiweruzo. Choncho makolo, masikito akhale ogonamo ana, ndipo asodzi atalikire miyala yotetezedwa. Tikatero, Insha Allah, zidzukulu zathu zidzamuona katumbu ndi maso, osati m'nthano zokha.