Pampu ikalephera, wokayikiridwa ndi wodwala

Ku America ndi ku Ulaya, anthu ena amene ululu wawo wakanika ndi mapiritsi amawaika pampu pamimba, kunsi kwa khungu. Ndi kachitsulo kobulungira ngati chitini cha polishi wa nsapato. Kachubu kochokera pamenepo kamakalowa m'madzi ozungulira mtsempha wa mumsana, n'kumadontheza morphine usana ndi usiku. Popeza mankhwalawo akufikira pomwe uthenga wa ululu umadutsa, pamafunika ochepa zedi: madokotala ambiri amawerengera kuti miligiramu 1 ya mumsana imagwira ntchito ya mamiligiramu pafupifupi 300 akumwa.

Nzeru imeneyi ndimaisirira, koma makina salephera kuwonongeka. Injini imatha kuima. Batire ya SynchroMed II, pampu ya kampani ya Medtronic, sipitirira zaka 7. Mu 2015 bungwe la FDA linamanga kampaniyi ndi pangano la kukhoti loti isagulitse mapampuwa, kupatula kwa odwala ofunikiradi, mpaka itakonza zolakwika.

Chimene chimandivuta ine ndi kachubu. Injini ikaima, pampu imalira alamu, ndipo dokotala akabwera ndi kamakina kowerengera amaona kuti yaima. Koma kachubu kakaduka kapena kusolotoka, pampu imangopopabe, mankhwala n'kumatayikira m'minofu. Alamu ili zii. Kamakina kaja kakunena kuti zonse zili bwino.

Ndiye taganizani munthu ameneyu akufika kuchipatala usiku. Thukuta kamukamu, akusanza, akutsegula m'mimba, akungoyasamula, ululu wabwerera mwaukali, ndipo akupempha morphine mochita kumutchula dzina. Izi zikuchitika m'dziko limene anthu masauzande ambiri amafa chaka chilichonse chifukwa cha mankhwala a gulu lomweli. Namwino wotopa aona chiyani? Aona munthu wa chibaba amene wabwera kudzanamiza anthu.

Apa mpamene ndimakana. Thupi limene lakhala likulandira morphine kwa zaka limazolowera, ndipo ukalimana mwadzidzidzi limadwala, kaya mwini wake ndi m'busa kaya ndi chidakwa. Komanso wa pampuyu sanasungepo mankhwala ake m'thumba. Muyezo anauika ndi dokotala, ndipo wothira mankhwala ndi jakisoni ndi wachipatala yemweyo. Mawu a wodwala akatsutsana ndi a kamakina, ine ndikuti ayambe ayeza kachubu: akokeko madzi aone ngati akubwera, ajambule, kenako ndiye azifunsa za khalidwe la munthu.

Kuchedwa kukhulupirira kuli ndi ngozi ina. Dokotala akaganiza kuti thupi langozolowera, amakweza muyezo, mwina kangapo, mankhwala ali kutayikira pambali. Tsiku limene kachubu kakonzedwa, muyezo wokwera uja ukangolowa wonse mumsana womwe wakhala masabata osaulandira, munthu atha kugona tulo tofa nato, mpweya n'kumachepa mpaka kuleka.