Kutsetsereka Khwekhwerere kukaona myuziyamu ya Sitandade 5

Minibasi ya ku Golomoti sinyamuka pa Dedza isanadzaze, ndipo kudzaza kwake amakudziwa ndi kondakitala yekha. Tinapatuka pa Masasa, kusiya msewu wa M1, n'kuyamba kutsetsereka Khwekhwerere. Msewuwo umakhotakhota m'mbali mwa phiri, mabuleki akununkha, pakona ina nyanja yaonekera patali, pakona yotsatira yabisala. Ku Dedza ndinanyamuka nditavala juzi. Pofika pa Golomoti ndinali nditaipindira pamiyendo, thukuta lili kamukamu.

Anandiitana ndi msuweni wanga, mphunzitsi wa Sitandade 5 pasukulu ina ya m'dera la Inkosi Kachindamoto. "Msuweni, mubwere mudzaone myuziyamu yathu," anatero pafoni. Ndinamufunsa ngati mbuzi za m'mudzimo nazonso zimalipira pakhomo, popeza kalasi yake ndimaidziwa kuti ilibe chitseko. Iye anangoti ndiyambe ndadzera pa Mua, zina tikakambirana nditaona.

Mishoni ya Mua anaikhazikitsa ansembe a White Fathers mu 1902, m'tsinde mwa mapiri, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Myuziyamu yake, ya Chamare, ili ndi zipinda zitatu: cha mbiri ya mishoni, cha Achewa ndi gule wamkulu, ndi cha Angoni ndi Ayao. Chimene chimakugwira mtima kumeneko ndi chakuti palibe chinthu changopachikidwa. Chilichonse chili ndi dzina, chili ndi mwambi wake, ndipo wokuperekeza amakuuza chimene chimalangiza.

Chaka chatha msuweni anapita ku Mua ndi ana ochepa amene makolo awo anakwanitsa kusonkha ya galimoto. Atabwerera, otsala aja anafunsa kuti kunali chiyani. Yankho linali lakuti, "Kunali zinthu zambirimbiri." Basi. Zinamupweteka, ndipo m'pamene anaganiza zoti ana apange yawoyawo, ya zinthu zimene angathe kuzigwira ndi kuzifotokoza.

Nditaona za ku Mua, kusukuluko ndinapita pa kabaza m'mawa mwake. Ana oposa zana anakhala pansi mothithikana, ndipo kukhoma lakumbuyo kunali matabwa osanjika panjerwa. Pamenepo panali mono, nsompho, simbi yamakala, koloboyi, chipande chosweka kukamwa, ndi kakobidi ka tambala imodzi kokhala ndi tambala wake weniweni, kamene ana ambiri anali asanakaonepo. Pambali pa chinthu chilichonse panali chidutswa cha katoni cholembedwa zinthu zinayi: dzina lake, mwini wake, ntchito yake, ndi chiganizo chimodzi chochoka m'kamwa mwa mwiniwakeyo. Lamulo ndi lakuti sulemba katoni usanakakhale pansi ndi munthu wamkulu n'kumufunsa. Pa simbi paja mtsikana wina analemba mawu a agogo ake aamuna, akuti anaigula ndi ndalama za ku Joni ndipo inawotcha malaya awo aukwati tsiku loyamba lomwelo.

Lamulo lachiwiri msuweni anagwirizana ndi a mfumu ndi komiti ya sukulu: za kudambwe sizilowa m'kalasi. Anyamata ena m'menemo ndi olowa, ena ndi ana a akulu ampingo, ndipo msuweni sanafune kuti phunziro la kulemba likathere pabwalo la milandu. "Za ku Mua n'za ku Mua," anandiuza, "kuno tili ndi makolo."

Mphunzitsi aliyense wodutsa ku koleji amaidziwa TALULAR, njira yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Koma kawirikawiri amapanga zinthuzo ndi mphunzitsi yekha, n'kuzikoloweka kukhoma, zizidikira fumbi ndi a PEA oyendera masukulu. Apa zinthu zinabwera ndi ana, ndipo mwana aliyense amaima pambali pa chake n'kumayankha mafunso ngati mwini munda.

Phunziro la tsikulo linachokera pa kakhadi kothetheka, kosungidwa m'pepala la pulasitiki: khadi ya chipani ya nthawi ya Kamuzu. Ana amenewa anabadwa patadutsa zaka zambiri kuchokera pa referendamu ya 1993, ndipo ankaganiza kuti ndi khadi ya sikelo. Mwini katoni anawerenga zimene agogo ake aakazi anamuuza, kuti wopanda khadi sankalowa mumsika ndipo sankakwera basi.

Msuweni anainyamula m'mwamba. "Padangokhala!"

"Tilitonse!"

Panali mnyamata, anatumidwa ndi amayi ake kukagula mchere kumsika wa Mtakataka. Atayandikira anaona achinyamata a malaya ofiira ataima pachipata. Anapisa m'thumba, khadi mulibe. Apa msuweni anasiya, n'kufunsa kuti mnyamatayo atani. Kalasi inaphulika. Ena abwerere kunyumba, ena azembe adzere kunjanji, ena abwereke khadi ya mnzake. Mayankho atatuwo anawalemba pabolodi, n'kugawa ana m'magulu, gulu lililonse ndi imodzi mwa njirazo.

Ndinakhala ndi gulu la kunjanji pansi pa mtengo wa masawu. Wolemba anali mmodzi, olamula khumi ndi mphambu zingapo. Anakangana ngati sitima inadutsa kapena ayi. Kamnyamata kena kamene sikanayankhulepo m'kalasi kanati sitima isadutse, koma mnyamatayo aponde chitsulo chotentha ndi dzuwa, akuwe, amumve. Onse anavomera. Wolemba anafunsa kuti "anakuwa" ili ndi w kapena ayi, ndipo anamuyankha anzake, osati ine. Pamapeto pa tsamba anayenera kusiya mphambano ina, njira ziwiri, zoti gulu lina lidzapitirize mawa.

Masambawo amawapachika pachingwe ndi zopanira zovala, lililonse ndi nambala yake. Wowerenga akafika pansi pa tsamba amapeza malangizo: ngati wabwerera, pita pa tsamba 4, ngati wazemba, pita pa tsamba 7. Mwana wofuna kudziwa ngati mchere unagulidwa amawerenga masamba asanu osakakamizidwa ndi wina, kenako n'kubwerera kukayesa njira ina.

Si zonse zinandikomera. Magulu a ana khumi ndi asanu amabisa aulesi, ndipo ndinaona atsikana awiri amene tsiku lonse sanagwire cholembera. Zinthu zonse zimayenera kunyamulidwa kupita ku ofesi poweruka, chifukwa cha chitseko chija. A hedi nawo ali ndi nkhawa yawo, ndipo si yopanda pake: mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadzafunsa za koloboyi, ndipo silabasi sidikira. Msuweni amawayankha ndi makope. Amati awerenge chimangirizo cha mwana yemweyo cha teremu yoyamba ndi cha tsopano, aone ngati akadali kulemba mizere itatu ya "Mudzi wathu ndi wabwino."

Titatsala pang'ono kuweruka anatulukira eni khadi aja, atamva kwa mdzukulu wawo kuti nkhani yawo ili pachingwe. Anawawerengera tsamba la obwereka khadi. Agogowo anapukusa mutu. "Aphunzitsi, izi ndiye ayi. Ameneyo akanamufunsa dzina la pakhadipo, n'kukodwa pomwepo." Gululo linapempha pepala lina. Ine njira yanga inali yoti mnyamatayo angobwerera kwa amayi ake, koma kalasi itavota inapeza mavoti asanu ndi limodzi okha, limodzi mwa iwo langa.