Zikhomo Zofiira Kuseri kwa Nyumba

Kuseri kwa nyumba yanga, m'mbali mwa mpanda wa udzu, kuli zikhomo zisanu ndi ziwiri zomwe ndidazipaka utoto wofiira. Mlendo akabwera m'chilimwe amangoona zikhomozo zitaima padothi louma, popanda tsamba ngakhale limodzi, ndipo ena amaganiza kuti ndidatsirika mudzi. Ndikawauza kuti pansi pa chikhomo chilichonse pali mzu wa duwa, amaseka. Koma kuseka kumatha ndikawafotokozera kuti duwa limeneli lidatsala pang'ono kundilanda mwana.

Kwathu ndi ku Kasungu, kufupi ndi malire a nkhalango yotetezedwa, panjira yolowera ku Lifupa. Malemu bambo anga adagwirako ntchito yotchetcha udzu m'mbali mwa damu la Lifupa, ndipo ine ndili kamtsikana ndinkapita kukawaona patchuthi cha Khirisimasi. Kumeneko ndi komwe ndidayamba kuliona duwalo likuyanga pazitsamba, lofiira kunsonga, lachikasu kutsinde, timasamba take tisanu ndi kamodzi titapindikira m'mwamba ngati malawi. Amayi ankangolitchula kuti duwa la moto. Amalume, omwe adatchona kuminda ya fodya ya ku Zimbabwe, ankati Ashona amalitcha kajongwe, ndipo ndi duwa la fuko lawo lomwe lamulo limaliteteza. Akatswiri a zomera amati Gloriosa superba. Ine ndinkadziwa duwa lokha. Za pansi pake sindinkazilabadira.

Kenaka idafika njala ya mu 2002. Amene adali ku Kasungu chaka chimenecho safuna kukumbutsidwa. Pofika Febuluwale chimanga chidali chisanache, fodya adali akadali m'munda, ndipo m'nkhokwe mudali mbewa zokha. Anthu ankadya gaga, zitsa za nthochi ndi mizu ya kutchire monga mpama, womwe umafuna kuuviika ndi kuuphika nthawi yaitali. Ngakhale ine, amene ndinkalandira kamalipiro ka uphunzitsi, ndinkabwerera kumsika chimanjamanja.

Tsiku lina madzulo mwana wanga wamwamuna, yemwe adali ndi zaka zisanu ndi zinayi, adabwera ndi msuweni wake atanyamula mizu m'malaya. Adaikumba m'mphepete mwa munda wa fodya, nataya mayangayanga ake komweko. Idali yoyera m'kati, ya khungu lopyapyala lofiirira, yooneka ngati timbatata tating'ono. Kunena zoona, ine ndidaiona ndipo ndidasangalala. Ndidawauza kuti aitsuke, ine n'kuyamba kusonkha moto.

Amayi adali atakhala pamkeka, ofooka ndi njala ngati tonsefe. Adaitanitsa mzu umodzi, nauzunguza m'manja.

"Iwe mwana wanga, mbatata ya mphanda ngati iyi udaiona kuti?"

"Amayi, chaka chino tikusankhanso?"

"Tafunsa anawa, tsamba lake lidali lotani?"

Mnyamatayo adati, "Agogo, kunsonga kwake kudali kopotana ngati mchira wa nanzikambe."

Amayi adadzuka mwamphamvu yomwe sindidadziwe komwe adaitenga, nakhuthula mizu yonse m'chimbudzi, kenaka adawasambitsa anawo m'manja ndi phulusa. Atafunsa ngati wina adalawako, msuweni uja adavomera kuti adaluma kachidutswa n'kulavula chifukwa ka kuwawa. Usiku umenewo adadandaula kutentha m'kamwa ndipo adasanza. Tidamutengera kuchipatala panjinga, ndipo mwamwayi adachira. Mpaka lero ndikaganiza kuti mphika udali kale pamoto, ndiponso kuti amene adauika ndi ine, thupi limachita tsembwe.

Pambuyo pake ndidadzawerenga kuti mizu ndi njere za duwali zili ndi poizoni wotchedwa colchicine, yemwe saphwa mphamvu ngakhale umuphike. Munthu amayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba patapita maola angapo, ndipo m'masiku otsatira ziwalo za m'kati zimatha kuleka kugwira ntchito. Ena opulumuka tsitsi limawathothoka. Ku Sri Lanka ndi ku India anthu akhala akufa atasokoneza mzuwu ndi chilazi. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Patapita zaka, mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku England, adandiitana kuti ndikamuchezere. Udali mwezi wa Seputembala, pamene mitengo ya kumeneko imayamba kuyoyola masamba podikira chisanu. M'kadimba ka mayi wina wokalamba woyandikana naye nyumba ndidaona maluwa otuwira ku pinki atatuluka m'dothi okhaokha, opanda tsamba, ngati bowa. Mayiyo adandiuza kuti ndi colchicum. Dzinalo lidandigunda pamtima. Poizoni uja adatenga dzina lake kuduwa limeneli, ndipo duwalo lidalitenga ku Colchis, dera lakale la m'mbali mwa Black Sea komwe lero kuli dziko la Georgia. Duwa la moto la ku Lifupa ndi duwa ili ndi a banja limodzi.

Mayi uja adali wokonda kufotokoza, ine wokonda kufunsa, choncho tidagwirizana msanga. Adati mizu yake amabzala mu Julaye kapena Ogasiti, mozama masentimita pafupifupi 10, padothi losasunga madzi. Ndi yamphamvu moti ukaiiwala pawindo imatha kuchita maluwa popanda dothi. Masamba ake, omwe ndi aakulu, amadzatuluka chisanu chikatha, maluwa atafota kalekale, n'kuuma chapakati pa chaka. Adandionetsa mitundu yake umodziumodzi. Waterlily uli ndi timasamba tambirimbiri ndipo umagwa mvula ikaulemera. The Giant ndi wamkulu, woyera kukhosi. Album ndi woyera mbee, ngati kapu. Wina wotchedwa agrippinum uli ndi timabangamabanga ngati bolodi ya dirafuti.

Chomwe chidandikhudza kwambiri n'chakuti nawonso amasokoneza. Pali duwa lina lofanana nalo lotchedwa crocus, lomwe mtundu wake wina umapereka chokometsera chakudya chodula chija cha saffron. Kuti usiyanitse umawerenga timitu ta mungu m'kati mwa duwa: crocus ali ndi titatu, colchicum ali ndi tisanu ndi kamodzi. Ndipo nyengo ya masamba, pamene palibe duwa lokuchenjeza, anthu ena a ku Ulaya amathyola masamba ake poyesa adyo wa kutchire, n'kufa nawo. Ndidaona kuti vuto lawo ndi lathu lomwe lija: chomera tidachizolowera pa nyengo imodzi yokha, pamene chavala zokongola, ndipo chikavula sitichizindikiranso.

Komabe si bwino kuchinenera zoipa zokhazokha. Akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, adapatula colchicine m'chaka cha 1820, ndipo mpaka lero madokotala amapereka timapiritsi take, pamlingo wochepetsetsa, kwa odwala nyamakazi ya gout. Mu 1937 Blakeslee ndi Avery a ku America adaonetsa kuti mankhwalawa amachulukitsa kawiri ma chromosome a zomera. Njira imeneyi ndi yomwe idabala mavwende opanda njere, ndipo opanga mbewu zatsopano za fodya amaigwiritsanso ntchito. Ku Tamil Nadu, m'dziko la India, alimi amalima duwa la moto m'minda n'kumagulitsa njere zake kwa opanga mankhwala. Ife kuno timalilambula ndi khasu tikamatsegula minda ya fodya, ndipo komwe ndikuliona lochuluka masiku ano ndi m'nkhalango ya ku Lifupa, komwe kuthyola n'koletsedwa.

Colchicum sindidabwere naye, chifukwa amafuna chisanu chomwe Kasungu alibe. Koma nditabwerako ndidapempha mnansi wanga, yemwe ankaswa mphanje, kuti andisungire mizu ya duwa la moto. Mzu wake ndi wosachedwa kuthyoka, ndipo diso lake lili kunsonga kwenikweni. Likaphwanyika basi, sumeranso. Ndimaugoneka chopingasa m'dothi la mchenga mvula ikayandikira, n'kuuikira kamtengo koyangapo. Pofika Januwale mpanda wonse umayaka. Ukauma sindiuthirira. Nkhuku ndi mbuzi sizifikako, ndipo mbatata ndimabzala kutali, mbali ina ya nyumba.

Achemwali anga amandidzudzula kuti ndikuweta njoka pakhomo pomwe pali adzukulu. Mantha awo ndimawamvetsa. Koma mwana wanga uja sadakumbe mizu ija pakhomo. Adaikumba kutchire, komwe kudalibe womuuza. Choncho chaka chilichonse mu Okutobala, ndisanabzale, ndimafukula mzu umodzi n'kuitana adzukulu onse. Amauona mphanda yake, amauyerekeza ndi mbatata ndi chinangwa, kenaka amasamba m'manja. Mvula ikagwa ndimawaonetsa tsamba lopotana nsonga lija, duwa lisanatuluke.

Amayi adatisiya kale, ndipo sadawerengepo buku la zomera ngakhale limodzi. Chaka chatha kamdzukulu kanga ka zaka zisanu kadandikoka chitenje tikuchokera kudimba, n'kuloza pachitsamba pomwe padalibe duwa lililonse. "Agogo, taonani mchira wa nanzikambe. Izi sitidya." Ndidakayankha kuti wanena zoona, tidapitiriza ulendo wathu.