Chifuwa Chimene Sichimva Mankhwala

Abale athu a ku Ndunde, ife amene tiyenda m'midzi kuzonda odwala taona chinthu chotidetsa nkhawa. Munthu akatsokomola masabata ambiri, kapena kulabvula magazi, tonse titi ndi chifuwa chachikulu. Kawiri-kawiri tinena zoona, ndipo nkwabwino kumtengera msanga kukapimitsa makhololo. Koma alipo ena, owerengeka, amene makhololo ao saonetsa kachirombo, kapena amwa mankhwala miyezi 6 osapeza bwino. Pamenepo pabanja ayamba kunong'onezana za ufiti, nataya mbuzi kwa woombeza ula, wodwalayo ali kuondera-ondera.

Tsono mverani. M'mapapo, monganso m'matumbo, muli timaselo tina totulutsa mahomoni, ndiwo madzi olamulira nchito za thupi. Nthawi zina timeneti tiswana kosalekeza, nitisanduka chotupa. Dotolo wa ku Germany, Siegfried Oberndorfer, ataona zotupa zotere m'matumbo, anazicha carcinoid m'chaka cha 1907. Mwa anthu 100 odwala khansa ya m'mapapo, mmodzi kapena awiri okha ndiwo ali nacho chimenechi. Chikula pang'ono-pang'ono, ndipo chigwira ngakhale anyamata ndi atsikana osadziwa fodya. Chikatseka njira ya mpweya, munthu apuma ngati wamphumu, chibayo nichimbwerera-bwerera mbali yomweyo. Chilipo chinzake choopsa koposa, chochedwa small cell, chimene chifalikira msanga, ndipo kweni-kweni chigwira osuta fodya.

Nthenda iyi siidziwika ndi maso. Madotolo ayamba ajambula chifuwa ndi X-ray, pambuyo pake ndi makina a CT, natapa kanyama kakang'ono ka chotupacho kukakapima. Chifukwa chache ulendo sumathera pa chipatala chaching'ono: upitirira ku Chiradzulu kapena ku Nguludi, kufikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Carcinoid ikapezeka isanafalikire, adula mbali yodwala ya phapo, ndipo ambiri achira ndithu. Chinzake chija achigwira ndi mankhwala amphamvu a m'mitsempha. Ngakhale pamene kuchira kwakanika, ululu ali nao mankhwala ache, ndipo wodwala sayenera kubuula usiku wonse.

Chomwe tipempha ndi ichi. Mankhwala akapanda kuthandiza, bwererani kuchipatala ndi kabuku ka wodwala m'manja, nimunene poyera kuti chifuwa sichinasinthe. Mbuzi ija igulitseni, ikhale ndalama ya ulendo ndi kamba wa womdikirira. Ndipo mai wamasiye amene alibe womperekeza, tisamsiye apite yekha.