Ndinkafuna Liwiro, Ndinaiwala Mabuleki

Ndasowa kwa kanthawi chifukwa cha mayeso a ana, koma lero ndati ndikufotokozereni za chiphapha changa chija, poti ena mwakhala mukundiseka nacho.

Ndinachigula mu 2021 kuno ku Pretoria kumene ndikuphunzitsa. Ndi Citi Golf ya 1995. Kwa amene simuidziwa, imeneyi ndi Golf yoyamba ija ya kampani ya Volkswagen, yomwe inatuluka ku Germany mu 1974. Azungu atasiya kuipanga kwawoko, fakitale ya ku Uitenhage inapitiriza kuipanga ndi dzina la Citi Golf kuyambira 1984 mpaka 2009. N'chifukwa chake zipangizo zake sizisowa kuno, ndipo anyamata ambiri amaikonda pothamangitsa chifukwa ndi yopepuka.

Tsiku lomwe ndinabwera nayo chokoka, mayi a kunyumba anaizungulira kawiri n'kundifunsa kuti, "Bambo a ana, ndalama ya malata ija ndi imeneyi?" Ndinangoti kukamwa yasa. Zoona, ndalamayo tinkasungira malata a nyumba yathu kumudzi. Ndinawalonjeza kuti ndibweza, ndiponso kuti sindidzathamangitsa galimotoyo pamsewu wa anthu, koma pabwalo lokonzedwera zimenezo basi.

Ntchito inatenga pafupifupi zaka ziwiri, Loweruka ndi Loweruka. Amene ankandithandiza ndi bambo ena achikulire a kwathu konkuno, amakaniko amene akhala ku Joni zaka zambiri. Tinadula pansi pomwe panadyeka ndi dzimbiri n'kuwotchererapo zitsulo zatsopano. Tinatsitsa injini, kusintha maring'i ndi mabering'i, kutsuka kabuleta, kuika kalachi yatsopano. Mipando yakumbuyo, makapeti ndi wailesi tinachotsa kuti galimoto ipepuke. Ine mtima wanga wonse unali pa injini ndi ekizozi yolira bwino.

Tsiku lina amakanikowo ali pansi pa galimoto anati, "Aphunzitsi, mabulekiwa tiwaona liti?" Ndinayankha kuti akugwira bwinobwino, tidzaona ndalama ikapezeka. Iwo anangopukusa mutu n'kupitiriza kumanga.

Mu 2023 ndinapita nayo ku Zwartkops, bwalo la mpikisano wa galimoto lomwe lili kufupi ndi Pretoria, lotalika makilomita 2.4 kuzungulira kamodzi. Pali masiku ena amene munthu wamba amaloledwa kulowa ndi galimoto yake, atavala helemeti, osati kudzapikisana koma kudzaphunzira. Maulendo anayi oyamba ndinamva kukoma kosaneneka. Paulendo wachisanu, ndikuyandikira kona yakuthwa, ndinaponda buleki, phazi langa n'kungolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Ndinapopa kawiri katatu, ndinatsitsa giya, koma galimoto inakana kukhota ndipo ndinakathera kunja kwa msewu, fumbi lili koboo. Mwamwayi panalibe wina patsogolo panga. Nditatuluka, mawondo ankangogundana, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu si galimoto ayi, koma nkhope za ana anga.

Chomvetsa manyazi n'chakuti chimene chinachitikacho ndimachiphunzitsa m'kalasi chaka ndi chaka. Mphamvu ya chinthu choyenda ndi theka la kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro, n'kuchulukitsanso ndi liwirolo. Ndiye kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti galimoto pamodzi ndi woyendetsa ikulemera makilogalamu 900. Pa liwiro la makilomita 70 pa ola ili ndi mphamvu pafupifupi 170 kJ, koma pa 140 ili ndi 680 kJ. Kuti iime, mabuleki ayenera kusandutsa mphamvu yonseyo kukhala kutentha, kokwanira kutenthetsa malita awiri a madzi ozizira mpaka kuyamba kuwira, m'masekondi ochepa chabe. Mumsewu wa m'tauni mabuleki amapeza mpata wozizira. Pabwalo ayi, kona ikatha kukubwera inzake.

Kutenthako kumafika ku mafuta a mabuleki, aja timati brake fluid. Mafutawa ali ndi khalidwe loyamwa chinyezi cha mumpweya. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155. Akawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika. Ukaponda, ukungofinya nthunziyo, matayala osamva kanthu. N'chifukwa chake amalangiza kusintha mafutawa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Anga aja, sindikudziwa kuti mwini wake woyamba anawathira liti. Titawatulutsa anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Amakaniko aja sanandinyoze. Anangoti, "Aphunzitsi, mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Bweretsani jeke." Tinayambiranso kumene tinayenera kuyambira. Tinathira mafuta atsopano n'kutulutsa mpweya tayala lililonse, ine ndikupopa iwo akutsegula ndi sipanala. Tinasintha mapaipi a labala omwe anali atang'aluka, tinaika mapadi opirira kutentha, madisiki atsopano kutsogolo, n'kukonza madiramu akumbuyo. Kenako matayala abwino. Ndalama yonseyi sinafike ngakhale theka la imene ndinamwaza pa injini.

Nditabwereranso ku Zwartkops mu 2024, injini ili yomweyo, nthawi yanga yozungulira bwalo inatsika. Chifukwa chake n'chapafupi: munthu ukamakhulupirira kuti galimoto iima, umachedwa kuponda buleki ndipo ulowa pakona mtima uli m'malo.

Ana a sukulu ndinawafotokozera nkhani yonseyi osabisa, ndipo anaseka mpaka misozi. Koma funso la mphamvu ya chinthu choyenda chaka chimenecho analikhoza ambiri. Za malata zija, ndabweza theka, ndipo mayi a kunyumba ali ndi kope lawo momwe akulemba.

Ngati muli ndi galimoto yakale, ngakhale yongopitira kuntchito, tsegulani boneti mawa m'mawa muone mtundu wa mafuta a mabuleki. Mukapeza tiyi ngati wanga uja, musadikire mwezi uthe.