Chikomekome cha Mawu

Ndili Fomu 4 anzanga ankanditchula kuti mlakatuli wa sukulu, ndipo dzinalo linandikwera m'mutu. Choncho aphunzitsi athu a Chingerezi atatsala ndi masabata awiri kuti apume pa ntchito, palibe anadabwa kumva kuti ndakatulo yowatsanzika ndidzalakatula ndine. Ndinasankha kuilemba m'Chingerezi, kuti bambowo aone okha kuti mbewu imene anafesa yamera.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti ndakatulo ya Chingerezi siikhala ndakatulo ngati mizere yake siithera ndi mawu omveka mofanana. Tinayamba nazo kupulayimale, tikuwomba m'manja pansi pa mtengo wa mango: cat, mat, hat, rat. Ndiye usiku wina ndinakhala ndi kope pafupi ndi nyali n'kulemba mzere wonena kuti zaka zawo zauphunzitsi zinali glorious, kutanthauza zaulemerero. Mzere wotsatira unafuna mnzake. Victorious ndinali nditaligwiritsa kale ntchito m'ndime yoyamba. Laborious linkandimvekera ngati la kumunda. Kenako ndinakumbukira liwu lina limene ndinalimvapo pa wailesi akunena za munthu wodziwika dziko lonse: notorious. Linakhala bwino pakamwa, linalemera bwino m'khutu. Ndinalemba kuti dzina la aphunzitsi athu lidzakhala notorious m'boma lonse mpaka kalekale. Dikishonale inalipo kulaibulale, koma sindinaone chifukwa chokaitsegulira. Khutu linali litavomereza kale.

Chaka chimenecho kunamveka mphekesera yoti ndalama zomangira zimbudzi za atsikana zasowa, ndipo ena m'mudzi ankaloza chala bambowa chifukwa ndiwo ankasunga mabuku a komiti. Nkhaniyo itafufuzidwa kunapezeka kuti ndalama zonse zilipo, malisiti okha ndi amene anasokonekera. Komabe anthu ena ankanong'onezana kuti akupuma pa ntchito mokakamizidwa. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinkafuna kuti ndakatulo yanga iwatsuke dzina.

Tsikulo holo inadzaza. Panali makolo, mafumu, aphunzitsi a sukulu zoyandikana, ndipo kutsogolo kunakhala mayi a kunyumba kwawo atavala chilundu chatsopano. Ndinalakatula mokweza, manja ali m'mwamba. Nditafika pa notorious ndinalikoka liwulo kuti ngakhale okhala kumbuyo alimve. Ana a sukulu anawomba m'manja, amayi ena anaimba nthungululu. Koma pamzere wa aphunzitsi panangoti zii. Wina anaweramitsa mutu, wina anatsokomola. Mayi aja, amenenso anali mphunzitsi wa kupulayimale, anandiyang'ana kamodzi n'kugwetsa maso pansi.

Mwambo utatha bambowo anandiitanitsa kuofesi. Sanakalipe. Anatulutsa dikishonale yawo yothothoka chikuto n'kuiika patebulo.

"Mwana wanga, tsegula pa N, uwerenge mokweza ngati mmene unachitira muholo muja."

Ndinawerenga: wodziwika chifukwa cha zoipa. Miyendo inazizira.

"Pepani bambo, sindimadziwa. Ndimayesa ndi chimodzimodzi famous."

"Ndikudziwa kuti sumadziwa. Ukanadziwa bwenzi nditakwiya nawe. Koma poti sumadziwa, wolakwa ndine amene ndakuphunzitsa zaka zinayi."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chikwapu. Ataona kuti misozi yalengeza m'maso mwanga, anaseka pang'ono n'kundiuza kuti ndinangochedwa ndi zaka mazana angapo. Liwuli linachokera ku Chilatini, ku notus, kutanthauza chodziwika. Litangolowa m'Chingerezi linkanena za chinthu chodziwika kwa onse, chabwino kaya choipa. Koma chifukwa chakuti linkayenda kawirikawiri ndi mawu onena za mbava ndi zigawenga, linatengera fungo lawo mpaka lero.

Kenako analemba mawu anayi aja papepala, lina pansi pa linzake, n'kujambula mzere wodula onse. Kumanja kwa mzerewo kunatsala mchira wofanana, kumanzere kunatsala mitu inayi yosiyana: ulemerero, chigonjetso, ntchito yolemetsa, kudziwika. Anati mawu ambiri otere Chingerezi chinawatenga ku Chilatini ndi Chifalansa, makamaka kuchokera pamene anthu a ku Normandy anagonjetsa England mu 1066, ndipo anabwera atavala mchira umodzi. Kufanana kwa kamvekedwe kumakhala kumchira, tanthauzo limakhala kumutu. Ine ndinagula mbuzi nditangoona mchira.

Chichewa chikanandichenjeza ndikanamvetsera. Kufika, kuphika, kuika ndi kutsika amathera mofanana, koma palibe mwana wa sitandade 1 amene angawasokoneze. Kwathu kuno liwu lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a, moti kufananitsa mathero si luso loti munthu angatame nalo. Kukoma kwa Chichewa kumamveka kwambiri kumayambiriro kwa mawu. Tanenani mokweza: chingwe changa chachitali chija chaduka. Nditafika kuno kukoleji ndinadabwa kumva kuti ndakatulo zakale kwambiri za Chingerezi, monga Beowulf, nazonso zinkadalira kufanana kwa mayambiriro a mawu, ndipo mwambo wofananitsa mathero unafala pambuyo pake. Chimene ndinkachiyesa fupa la ndakatulo ya Chingerezi chinali chovala chobwereka.

Kuchokera tsiku lija ndinayamba kusunga kabuku ka mawu omveka mofanana, lililonse ndi tanthauzo lake pambali. Kabukuko kanandionetsa kuti khutu si lokhalo limene limanama, diso nalonso limanama. Tengani mawu awa: though, through, rough, cough, bough. Onse amathera ndi malembo anayi ofanana, koma palibe awiri amene amamveka mofanana. Though, kutanthauza ngakhale, amayenda ndi go. Through, kudutsa m'kati, amayenda ndi blue. Rough, chokhakhala, amayenda ndi stuff. Cough, kutsokomola, amayenda ndi off. Bough, nthambi yaikulu ya mtengo, amayenda ndi cow. Liwu lakuti read lili ndi abwenzi awiri: ukamawerenga lero limayenda ndi need, ukanena zowerenga dzulo limayenda ndi bed. Pamene bear, chimbalangondo, ndi bare, chosavala kanthu, amalembedwa mosiyana koma pakamwa ndi amodzi.

Chisokonezo chimenechi chili ndi mbiri yake. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700, anthu a ku England anasintha kwambiri katchulidwe ka mavawelo awo aatali. M'nyengo yomweyo, mu 1476, William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo kalembedwe kanayamba kukhazikika pamene pakamwa pankasinthabe. Malembo a gh kale ankamveka kukhosi. M'mawu ena kamvekedweko kanazimirira, m'mawu ena kanasanduka f, koma papepala malembowo anatsala. Nditamva izi mtima unakhala pansi pang'ono, podziwa kuti si umbuli wanga wokha umene unkandipunthwitsa.

Komabe gawo lina la vutoli ndi lathu. Chichewa chili ndi mavawelo 5, pamene Chingerezi cha ku Britain chili nawo pafupifupi 20. Khutu lokulira m'Chichewa limamva hat, hut ndi heart ngati liwu limodzi, chikhalirecho loyamba ndi chipewa, lachiwiri ndi kanyumba, lachitatu ndi mtima. Limamva ship ndi sheep chimodzimodzi, sitima ya pamadzi ndi nkhosa. Nditabwereza kuwerenga ndakatulo zanga za kusekondale ndinapeza kuti ndinkafananitsa live ndi leave, kukhala ndi kuchoka, ndili wokhutira kuti ndagwira ntchito. Onjezani nkhani ya l ndi r, amene kwa ife sasintha tanthauzo la liwu, ndiye pray ndi play, kupemphera ndi kusewera, amasinthana malo pakamwa pathu ife osazindikira. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, pakuti mlendo wophunzira Chichewa naye amatuluka thukuta kusiyanitsa mtengo wa kuthengo ndi mtengo wa pamsika. Chofunika n'kudziwa pamene khutu lako limaterera.

Chimene chimakola munthu kwambiri n'chakuti nthawi zina khutu limanena zoona. Bash, smash, crash ndi clash onse amanena za kumenya kapena kugundana mwamphamvu, ngati mmene ife timanenera kuti phwa kapena gwa. Bump, lump, hump ndi stump onse amanena za chinthu chotukuka kapena chotsalira ngati chitsa. Ukazolowera mabanja otere umayamba kuganiza kuti mawu onse omveka mofanana ndi pachibale. Kenako umakumana ndi cash, ndalama, amene sagunda kanthu, kapena womb ndi tomb, mimba ya mayi ndi manda, amene amamveka mofanana koma lina ndi polowera, lina ndi potulukira.

Kuno kukoleji ndimaimba m'kwaya, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadzigwiranso ndekha. Nyimbo za Chingerezi zimaloweka msanga chifukwa mathero a mizere amakokana: ukamva grace, pakamwa pakonzekera kale face kapena place. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo msampha wake ndi womwewo. Kwa zaka zambiri ndinkaimba liwu lakuti dross, limene limayenda ndi cross ndi loss, ndikuliyesa mtundu wa chovala chifukwa limafanana ndi dress. Tsiku lina ndinatsegula dikishonale n'kupeza kuti ndi zonyansa zimene zimayandama pamwamba pa chitsulo kapena golide akamamusungunula, zimene wosula amazichotsa n'kutaya. Nyimbo yonse inasintha. Ndinkaimba za kuyengedwa pamoto ndikuganiza za telala. Ndinamvetsanso chifukwa chake olemba nyimbo akale monga Charles Wesley, amene anamwalira mu 1788, ankaika love pamodzi ndi prove kapena move: mawuwa ankamveka mofanana m'mibadwo ya m'mbuyo, ndipo alakatuli anapitiriza kuwaphatikiza pakamwa patasintha kale. Ndikatsegula Khristu mu Nyimbo ndimaona kuti otanthauzira, m'nyimbo zambiri, sanalimbane ndi kufananitsa mathero. Anasamala kuti mawu akwane m'maimbidwe ndiponso kuti agogo anga amve chimene akuimba.

Chaka chatha, pa nthawi yoyeserera uphunzitsi, anandipatsa Fomu 1. Tinasewera masewero omwe aja owomba m'manja, koma ndinaonjezera lamulo limodzi: wotchula liwu anenenso tanthauzo lake m'Chichewa, apo ayi gulu lake silipata. Pa light anabweretsa night, fight, kite, onse ndi matanthauzo ake. Mnyamata wina wakumbuyo anafuula kuti plight. Nditamufunsa tanthauzo anati ndi ulendo wa pandege. Kalasi inaseka, ngakhale oseka ambiri nawonso sankadziwa. Ndinamupatsa dikishonale kuti awerenge mokweza, ndipo anapeza kuti plight ndi mavuto aakulu amene munthu ali nawo, pamene ulendo wa pandege ndi flight. Ndinawafotokozera za holo ija, mayi a chilundu chatsopano ndi liwu langa lokoma. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kunena kuti agogo ake amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndinamupatsa mapointi awiri.

Mayi aja ndinakawapepesa patapita masiku atatu chichitikire mwambowo, nditanyamula ndakatulo yokonzedwanso. Mzere uja ndinauchotsa, ndipo umene ndinaikapo sunkamveka mofanana ndi mnzake. Unkangonena kuti bambowo anali munthu woona mtima. Anauwerenga kawiri, n'kupinda pepalalo bwinobwino, n'kuliika m'thumba la bulauzi.

"Ukananena zimenezi muholo muja, mwanawe," anatero, "ndipo ukanazinena m'Chichewa, kuti a komiti nawonso amve."